Chitungwiza: Mzinda Umene Anaumanga Kuti Anthu Azingogonamo

Lero tiwoloka malire kupita ku Zimbabwe. Mu Harare tingodutsamo, ku Bulawayo sitikafikako. Tikatsikira pa mtunda wa makilomita pafupifupi 25 kumwera kwa Harare, mumzinda wa Chitungwiza, umene achinyamata a kumeneko amautchula monyadira kuti Chi-Town.

Mwina ena dzinali mukulimva koyamba. Komatu pa kuchuluka kwa anthu, uwu ndi mzinda wachitatu m'dziko lonse la Zimbabwe, kutsatira Harare ndi Bulawayo. Kalembera wa 2022 anapeza kuti muli anthu oposa 370,000. Kwathu kuno, kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 221,000 mumzinda wa Mzuzu ndi 105,000 mumzinda wa Zomba. Ngakhale muphatikize mizinda iwiriyi, simunafikebe pa Chitungwiza.

Koma chimene ndasankhira mzindawu si kuchuluka kwa anthu ayi. N'chakuti amene anaujambula papepala sankafuna mzinda. Ankafuna chigono, malo oti munthu wakuda azigonako usiku, mbandakucha n'kudzuka kukagwirira ntchito azungu, madzulo n'kubwerera. Malo akamangidwa ndi maganizo otere, ana ndi zidzukulu za okhalamo amakolola chiyani? Nkhani yathu yagona pamenepo.

Tiyambe ndi malowo. Mukanyamuka pakati pa Harare n'kulowa mumsewu wa Seke, mumadutsa kufupi ndi bwalo la ndege lalikulu la dzikolo, kenako mumawoloka mtsinje wa Manyame, umene atsamunda ankautchula kuti Hunyani. Mukangowoloka, mwafika. Manyame ali kumpoto, ndipo kumwera kuli mtsinje wina, Nyatsime, umene umakathira mu Manyame momwemo. Mzindawu unakhala pakati pa mitsinje iwiriyi, pamalo okwera, ozizira mu June ndi July, a dothi lamchenga, miyala ikuluikulu yosanjikizana ndi madambo ambiri. Mvula imagwa kuyambira November mpaka March, monga kwathu konkuno. Mitsinje ndi madambo amenewa muwasunge m'mutu, chifukwa mavuto ambiri a mzindawu adutsira pomwepo.

Azungu asanabwere, dera limeneli silinali tchire lopanda eni. Linali la Ashona, ndipo mpaka lero pali Mfumu Seke imene dzina lake linaperekedwa ku chigawo chachikulu cha mzindawu. Ashona amalemekeza deralo chifukwa cha Chaminuka, mzimu waukulu umene unkalankhula kudzera mwa mlauli wotchedwa Pasipamire. Anthu ankachokera kutali kudzapempha mvula ndi kudzamva mawu a mzimuwo. Pasipamire anaphedwa mu 1883 ndi ankhondo a Lobengula, mfumu ya Andebele. Patangopita zaka zisanu ndi ziwiri, mu September 1890, gulu la azungu lotumidwa ndi Cecil Rhodes linakweza mbendera pamalo amene linawatcha Fort Salisbury. Ndiye Harare wa leroyu, amene anasinthidwa dzina mu 1982.

Kuyambira pamenepo, atsamunda anali ndi vuto limene anadzipangira okha. Ankafuna manja a munthu wakuda kukhitchini, kufakitale, kunjanji ndi kumunda wamaluwa, koma munthu mwiniyo sankamufuna pafupi. Mu 1930 anakhazikitsa lamulo logawa nthaka potengera khungu, lotchedwa Land Apportionment Act. Pafupifupi theka la dziko linapita kwa azungu, omwe anali ochepa zedi, ndipo matauni anagwera mbali yawo. Mu 1946 anawonjezera lamulo lina lokakamiza wakuda aliyense wokhala m'tauni kuti alembetse, aziyenda ndi chitupa, ndipo azigona pokhapo pamene boma kapena bwana wake wamuika. M'maso mwa lamulo, wakuda m'tauni anali mlendo wongobwera kudzagwira ntchito. Ntchito ikatha, nayenso ulendo kumudzi.

Malokeshoni ngati Mbare, Highfield, Mufakose ndi Mabvuku anamangidwa ndi mzimu umenewu. Koma anthu anapitiriza kuchuluka. Boma la Ian Smith, limene linadzilengeza lokha kuti ndi loima palokha mu 1965, linaganiza zokankhira anthu kutali kwambiri, kutsidya kwa Manyame, m'malire a dziko la Mfumu Seke limene lamulo linali litasiyira anthu akuda. Kumeneko kunali kale lokeshoni ya St Mary's, yomwe inatenga dzina la mishoni ya pamalopo. Anawonjezera Zengeza, kenako Seke. M'zaka za m'ma 1970 nkhondo yomenyera ufulu itakula, anthu a m'midzi anathawira kutauni ndi katundu pamutu, ambiri n'kumanga zisakasa za mapepala ndi malata akutha. Mu 1978 boma linaphatikiza St Mary's, Zengeza ndi Seke kukhala dera limodzi, n'kulitcha Chitungwiza.

Ngakhale mayina a madera ake amaulula maganizo a omanga. Ku Zengeza kuli Zengeza 1, Zengeza 2, mpaka Zengeza 5. Ku Seke madera amatchulidwa ndi zilembo: Unit A, Unit B, Unit C, mpaka kutsogolo. Nyumba zinali zazing'ono, zofanana, zondandalikidwa m'mizere. Mafakitale akuluakulu, maofesi, mabanki ndi masitolo olemera zonse zinatsalira ku Salisbury. Ndalama za msonkho wa mabizinesi amenewo nazonso zinatsalira komweko.

Ufulu utabwera pa 18 April 1980, malamulo a chitupa anatha, ndipo amuna amene ankakhala okha m'tauni anaitanitsa mabanja awo. Tamvani mmene chiwerengero chinayendera. Mu 1982 munali anthu pafupifupi 172,000. Mu 1992 anafika pa 275,000. Ndiye kuti pa zaka khumi zokha munawonjezeka anthu oposa 100,000. Mu 2002 anali pafupifupi 323,000, mu 2012 pafupifupi 357,000, ndipo mu 2022 anangopitirira pang'ono 370,000.

Wina angafunse kuti, nanga bwanji liwiro lija linachepa? Kodi anthu anasiya kubereka? Iyayi. Mbali ina n'chifukwa chakuti chuma cha Zimbabwe chitagwa, anthu ambiri anapita kukasaka moyo ku South Africa, ku Botswana ndi ku Britain. Mbali ina n'chifukwa chakuti malo a m'kati mwa mzinda anadzaza, ndiye anthu anayamba kugula malo kwa anyakwawa a m'midzi ya Seke, kunja kwa malire a khonsolo. Kalembera amawawerengera kumudzi, koma msika wawo, chipatala chawo ndi minibasi yawo n'za ku Chitungwiza. Mzinda ukukulabe, kungoti ukukulira kumene mapaipi ndi mapulani a khonsolo sanafike.

M'kati mwa mzindamo, nyumba imene inamangidwira banja limodzi imasunga mabanja atatu kapena anayi. Mwini nyumba amakhala zipinda ziwiri, zotsalazo n'kuikamo alendi, kuseri n'kumanganso kanyumba kena. Imeneyo ndiyo penshoni ya okalamba ambiri. N'chifukwa chake zimene zinachitika mu 2005 zinapweteka kwambiri. Chaka chimenecho boma linayambitsa ntchito yogwetsa nyumba ndi misika yomwe linkati ndi yosaloledwa, yotchedwa Murambatsvina. Nthumwi ya bungwe la United Nations, mayi Anna Tibaijuka a ku Tanzania, inapeza kuti anthu pafupifupi 700,000 m'dziko lonselo anataya pokhala, pogwirira ntchito, kapena zonse ziwiri. Chitungwiza unali umodzi mwa mizinda imene inakhudzidwa. Anagwetsa tinyumba m'nyengo yozizira, koma chimene chinachititsa anthu kumanga tinyumbato, kusowa kwa nyumba, sanachigwetse.

Tsopano tione za ntchito ndi mayendedwe. Kukamacha, msewu wa Seke umadzaza ndi maminibasi, amene kumeneko amawatcha makombi, mabasi a ZUPCO, ndi timagalimoto tonyamula anthu mozemba totchedwa mushikashika. Onse alunjika kumpoto. Madzulo onse alunjika kumwera. Kuyambira m'ma 1980 maboma akhala akulonjeza njanji yolumikiza Harare ndi Chitungwiza, koma sitima yonyamula anthu sinayendepo. Munthu amawononga gawo lalikulu la malipiro ake pa thiransipoti, amachoka ana ali m'tulo, amabwera ana akusinza.

Mafakitale ochepa analipo. Yaikulu inali fakitale ya nsalu ya Cone Textiles. Dziko litayamba ndondomeko yosintha kayendetsedwe ka chuma mu 1991, imene inatsegula zipata kwa katundu wakunja, fakitaleyi inatsekedwa chapakati pa zaka za m'ma 1990, ndipo anthu masauzande anachotsedwa ntchito. Mumzinda wa mafakitale ambiri, imodzi ikatsekedwa anthu amakagogoda pa ina. Ku Chitungwiza kunalibe pena pokagogoda. Sizodabwitsa kuti mu January 1998, mitengo ya ufa ndi zakudya zina itakwera, zipolowe zinabuka mu Harare ndi mu Chitungwiza momwe. Sizodabwitsanso kuti chipani chotsutsa cha MDC chinachitira msonkhano wake waukulu woyamba mumzindawu, mu January 2000.

Koma bala lalikulu, omvera anzanga, ndi madzi. Mzinda wa anthu oposa 370,000 ulibe malo akeake oyeretsera madzi akumwa. Umagula ku khonsolo ya Harare. Ambiri mwa madziwo amachokera pamalo oyeretsera a Prince Edward, amene amatunga m'madamu awiri aang'ono a pa Manyame, la Seke ndi la Harava. Chilimwe chikatalika madamuwa amaphwa, makina n'kuzimitsidwa. Harare nayenso madzi samukwanira, ndiye akamagawa amayamba waganizira anthu ake. Zili ngati banja lalikulu lopanda machesi, limene tsiku lililonse limakapala moto kwa mnansi. Tsiku limene kwa mnansiko moto wazima, ana agona ndi njala. M'madera ambiri mipope imatha masiku ngakhale masabata ili youma. Amayi ndi atsikana amadzuka usiku kukaima pamzere kumjigo, ena amakumba zitsime pakhomo, ena amagula madzi a m'zigubu. Damu la Muda, limene akuti lidzapatsa mzindawu madzi akeake, lakhala likukambidwa kwa zaka zambiri.

Kumbali ya zonyansa za m'zimbudzi, nkhani yake ndi yowawitsa mutu. Mapaipi a suweji anaikidwa poganizira anthu ochepa, ndipo anakalamba. Madzi akasowa, zonyansa sizitsetsereka, paipi imatsekeka, kenako imaphulika, uve n'kuyenderera m'misewu momwe ana amasewera. Zimene zafika kumalo oyeretsera a ku Zengeza nthawi zambiri zimatuluka zisanayere bwino. Zimagwera mu Nyatsime, Nyatsime amathira mu Manyame, ndipo Manyame amakathira m'nyanja ya Chivero, damu lalikulu lomangidwa mu 1952. Pa Chivero pomwepo ndi pamene Harare amatunga madzi ake ambiri akumwa, kudzera pamalo oyeretsera a Morton Jaffray. Mwaona mmene zinthu zimazungulirira? Atsamunda ankaganiza kuti akakankhira anthu kutsidya kwa mtsinje, mavuto awonso atsalira komweko. Anaiwala kuti madzi amatsetsereka. Uve wa Chitungwiza umakathera m'kapu ya munthu wa mu Harare, ndipo mankhwala oyeretsera madzi otero amadya ndalama zankhaninkhani.

Mu August 2008, pamene ndalama ya Zimbabwe inali itatheratu mphamvu ndipo zipatala zinalibe mankhwala, matenda a kolera anabuka. Anayambira ku Chitungwiza. Pofika pakati pa 2009, anthu oposa 98,000 anali atadwala m'dziko lonselo ndipo oposa 4,000 anali atamwalira. Kolera ndi nthenda yoti munthu akapeza madzi aukhondo ndi thanzi ORS msanga amachira. Anthu amenewa anaphedwa ndi mpope wouma ndi paipi yophulika.

Madambo aja nawonso sanapulumuke. Njala ya malo itakula, panabuka anthu ogulitsa maploti mwachinyengo, ena a iwo odziwana ndi akuluakulu. Anagawa madambo, m'mbali mwa mitsinje, malo amene anasungidwira sukulu ndi mabwalo a masewera, ngakhalenso pamwamba pa mapaipi a suweji. Munthu wosauka amapereka ndalama zimene wasunga zaka zambiri, amamanga, dzinja likafika madzi n'kulowa m'nyumba. Kenako akhonsolo amabwera ndi chigalimoto chogwetsera nyumba. Wogulitsa uja ali phee kwake, wolira ndi wogula. Dambotu ndi limene limamwa madzi a mvula, n'kumawatulutsa pang'onopang'ono kupita kumtsinje m'chilimwe. Mukalimangapo, dzinja mumalandira kusefukira kwa madzi, chilimwe mumalandira damu louma.

Nditanena zonsezi, ndingalakwire anthu a Chitungwiza ndikasiyira pomwepa. Anapatsidwa chigono, iwo anachisandutsa mudzi. Pitani pa Makoni, pa Chikwanha kapena pa Huruyadzo ku St Mary's, mukaone akalipentala, owotcherera zitsulo, osoka, ogulitsa ndiwo zamasamba zochokera m'madimba a Seke. Mzindawu uli ndi chipatala chachikulu, Chitungwiza Central Hospital, ndi sukulu yophunzitsa aphunzitsi, Seke Teachers College. Uli ndi Chitungwiza Arts Centre, pamene amisiri amasema miyala, ziboliboli zake n'kumagulidwa ndi anthu ochokera kutsidya kwa nyanja. Uli ndi Aquatic Complex, malo osambirira amene anamangidwa pokonzekera masewera a All-Africa Games a 1995. Madamu ake osambiriramo anasiya kugwira ntchito kalekale, koma holo yake yakhala bwalo la oimba.

Ndipo pa nyimbo ndi pamene ife timalowa m'nkhaniyi. Chitungwiza amadziwika kuti ndi kwawo kwa sungura, nyimbo za magitala othamanga zimene timavinanso kuno. John Chibadura ndi System Tazvida anakhala kumeneko. Nicholas Zakaria wa gulu la Khiama Boys ndi Alick Macheso wa Orchestra Mberikwazvo anakulitsira luso lawo kumeneko, ndipo awiriwa mizu yawo ndi ya ku Malawi. N'chifukwa chake mumamva Chichewa m'nyimbo zawo. Iwo ndi ana a ulendo umene agogo athu anayenda, ena wapansi, ena kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi, kukagwira ntchito m'mafamu a fodya, m'migodi ndi m'nyumba za azungu ku Southern Rhodesia, Zimbabwe wa leroyu, makamaka isanafike ndi m'kati mwa nthawi ya chitaganya cha 1953 mpaka 1963. Ambiri sanabwerere. Kuno tinawatcha machona. Kumeneko anakwatira, anabereka, ndipo mpaka lero gule wamkulu amatuluka m'malokeshoni, Ashona n'kumamutcha zvigure.

Kwa mbadwa za machona, lokeshoni si malo ongogonako. Mshona ntchito ikamuthera ali ndi mudzi wobwererako, ali ndi munda ndi manda a makolo. Mdzukulu wa munthu wa ku Dedza kapena ku Mangochi amene anabadwira ku Zimbabwe, kwawo ndi nyumba ya lendi yomweyo. Lamulo la unzika la 2001 linachititsa ambiri a iwo kuonedwa ngati alendo m'dziko limene anabadwiramo, ena n'kulephera kuvota. Malamulo aakulu a dziko a 2013 ndi amene anabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo amene kholo lawo linachokera m'maiko a SADC. Choncho mpope ukauma m'malokeshoni amenewa, ena mwa oima pamzere kumjigo ndi abale athu enieni.

Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kwathu kuno palibe lamulo la khungu limene likukankhira anthu kunja kwa mzinda. Chikuwakankha ndi mtengo wa lendi ndi wa ploti. Koma taonani mmene Lilongwe akutambalalira kulowera ku Lumbadzi, ku Chitedze ndi ku Nanjiri. Taonani mmene Blantyre akukwerera ku Machinjiri, ku Chileka ndi ku Lunzu. Minda ya chimanga ikusanduka maploti. Malo akugulitsidwa ndi mafumu ndi madobadoba, nyumba zikuyamba kumangidwa, msewu, ngalande ndi paipi n'kumabwera pambuyo, mwinanso osabwera n'komwe. Chitsime chikukumbidwa pafupi ndi chimbudzi cha mnansi. M'mawa uliwonse anthu onsewo amathamangira mbali imodzi kukasaka ndalama. Kolera amene anatigwera mu 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700, ndipo mizinda yathu iwiri ikuluikulu inali m'gulu la madera okhudzidwa kwambiri.

Chitungwiza akutiphunzitsa kuti zimene simunaike pa maziko a mzinda zimavuta kuziika pambuyo. Padutsa zaka zoposa makumi anayi chilandirireni ufulu, koma madzi akeake, njanji ndi mafakitale okwanira, zimene atsamunda sanaikemo, sizinafikebe. Kuika paipi pamalo opanda nyumba n'kotsika mtengo. Kuiika pamalo pamene pakhala kale mabanja masauzande kumafuna kugwetsa nyumba, kulipira chipukuta misozi ndi kukangana m'makhoti.

Ndiye pempho langa lipite kwa magulu atatu a anthu. Inu akhonsolo ndi a unduna wa za malo, musadikire kuti dera lidzaze kenako muzibwera ndi mapu. Fikani msanga, mudule misewu, musunge malo a sukulu, chipatala, msika ndi ogwirira ntchito amisiri, ndipo mudziwiretu kumene madzi a anthuwo adzachokere ndi kumene zonyansa zawo zidzapite. Inu mafumu athu, dambo ndi m'mbali mwa mtsinje si zogulitsa, ngakhale wogula abwere ndi ndalama zochuluka bwanji, chifukwa madziwo ndi a mudzi wonse ndi a ana amene sanabadwe. Ndipo inu amene mwasunga kangachepe kuti mugule ploti, musanapereke ndalama funsani mapepala, funsani kumene madzi amayenda nthawi ya dzinja, funsani kumene mudzatunge akumwa. Mukasamukirako, gwirizanani ndi anzanu, mupange komiti, muzikagogoda kukhonsolo mpaka akumveni, pakuti msonkho mumapereka.

Mizinda yathu ikula ndithu, tifune tisafune. Chimene chili m'manja mwathu n'chakuti ikule ndi madzi, ntchito ndi misewu yake, kuti mwana wobadwira ku Lumbadzi kapena ku Lunzu adzaphunzire, adzagwire ntchito ndi kukalamba komweko ali ndi thanzi.